Kontrakiti ya Zaka Ziwiri

Ku Aarhus mdima umagwa folo koloko isanakwane.
Ndimakhoma njinga pansi pa nyale ya pageti,
n'kukwera masitepe mpaka m'chipinda chopanda zenera
mmene makompyuta amalira ngati njuchi mumng'oma.

Magazi sindiwaona ine.
Ali kutali, m'mafiriji,
timadontho touma papepala,
totengedwa pachidendene cha khanda
lisanamve n'komwe dzina lake.
Kwa ine amafika atasanduka manambala,
anthu zikwi makumi asanu ndi atatu
opanda nkhope, opanda mudzi,
atandandalikidwa m'mizere.

Kale ankati ndi ziwanda.
Ife timati majini,
ndipo timawasaka ndi masamu.

Amayi anandifunsa patebulo la Khirisimasi,
makandulo akutha, bakha atazizira m'mbale:
Solvej, zinachokera kwathu kapena kwa bambo ako?
Ndinati si khomo limodzi, amayi,
ndi timing'alu mazanamazana,
kalikonse kochepa moti mphepo yokha ndiyo ingapitepo.
Anagwedeza mutu, nayamba kuchotsa mbale.
Yankho lotere silitonthoza munthu.

Iyi ndi kontrakiti yanga yachitatu.
Itha mu Juni.
Pempho la ndalama labwerera ndi ndemanga zitatu:
wina akuti funso ndi lalikulu kwambiri,
wina akuti ndi laling'ono,
wachitatu sanawerenge tsamba lomaliza, ndikudziwa.
Papepala lathu lotchuka lija
dzina langa lili pa nambala 143,
pakati pa munthu wa ku Osaka ndi wina amene anamwalira chaka chatha.
Malthe, amene tinkagawana khofi usiku,
anapita kukawerengera banki manambala.
Ali ndi nyumba tsopano, ndi galu,
ndipo akuti amagona.

Lamlungu ndimakwera sitima ya ku Silkeborg.
Asger amandidikira atavala jekete m'nyumba.
Mankhwala anamunenepetsa, manja amanjenjemera,
koma tchesi amandidya mpaka lero,
iye amene anandiphunzitsa kuwerenga mawindo a basi
ndili ndi zaka zinayi.
Mawu aja, akuti, masiku ano amalankhula chapansipansi,
ngati anthu a m'chipinda china
amene aiwala kuti khoma ndi lopyapyala.

Kenako funso lake la sabata ndi sabata:
Wandipeza?

Ndimamuuza kuti malamulo salola,
kuti mzere uliwonse unafufutidwa dzina.
Zoona zake n'zakuti mwina ndamudutsa kambirimbiri,
mwina ndi kadontho kamodzi pachithunzi
chimene ndinaonetsa kumsonkhano, anthu n'kuomba m'manja.
Mwina inenso ndili momwemo, mizere ingapo pansi pake,
ndi theka la zimene iye anasenza.
N'chifukwa chiyani denga linadontha mbali yake yokha
pamene mvula inali imodzi?

Sindimufunsa zimenezo.
Ndimasuntha hatchi yanga molakwika,
iye n'kuseka, n'kundibwezera kuti ndiyesenso.

Lolemba m'mawa chipale chamata pachishalo.
Ndachipukuta ndi mkono wa malaya.
Pempho latsopano likufunika Lachisanu,
ndipo pali bokosi lakuti:
fotokozani phindu la kafukufukuyu m'mawu osaposa zana.
Ndalemba, ndafufuta.
Ndalembanso kuti Asger, n'kuliyang'ana kanthawi,
kenako ndafufuta,
ndayamba ndi manambala.