Magalamu Khumi ndi Anayi

Ndinalowa m'sitolo ya bambo Albano, kumsewu wotsetsereka wa ku Porto,
ambulera ikudontha, kaulusi m'thumba.
Kaulusiko ndinayezera chala cha amayi ali m'tulo
pampando, wailesi ikudziyankhulira yokha.

Mkuluyo anakatambasula pagalasi.
"Mwayeza chala, kapena mfundo ya chala?"
Mfundo, ndinatero.
Zaka makumi atatu ndi zinayi akudula mitu ya nsomba
kufakitale ya zam'zitini ku Matosinhos,
manja m'madzi ozizira a mchere kusanache,
mpaka nyamakazi inamangamo nyumba.
"Mphete yodutsa pamfundo yotere ikakhwepa patsinde.
Tsiku lina ikatsetserekera m'paipi ya sinki."

Nanga ndolo?
Ndolo ayi.
Anali nazo ziwiri, zonga timadengu, za paukwati wawo.
Chaka chimene ndinayamba sukulu ya unamwino
anazikulunga m'kampango, nakwera basi,
nabwerako ndi kapepala ka pinyolo ndi nsapato zanga zoyera.
Sanakaziwombole.
Zibowo za m'makutu zinadikira, zinadikira,
kenaka zinatseka pakamwa.

Ndinaloza mkanda wa pawindo, wong'anima ngati mamba padzuwa.
Anapukusa mutu.
"Uwo ndi wongopaka. Thukuta likaunyambita zaka ziwiri
khosi limabiriwira.
Mayi anuwo amavula akamasamba?"
Savula.
"Akamagona?"
Chimene avala, avala. Amakolopa nacho masitepe,
amapita nacho kumaliro, kumsika, kuchipatala.

Apo anatsegula dilowa ya pansi, yosaonekera kwa odutsa.
Unyolo wosadzitama, wachikasu chodekha,
kamphete kalikonse kowotcherera pakokha,
kopanda mphako m'kati.
"Golide yekhayekha ndi wofewa, mwanawe, dzino limalembapo.
Wokhalitsa ndi uyu, wokhala ndi mkuwa pang'ono m'magazi."
Anandipatsa galasi la diso limodzi
ndione chidindo chochepa kuposa njere ya mchenga.
Ndinaona chidindocho, ndinaonanso chikhadabo changa chodyeka.

Kenaka anandiveka magolovesi ake okhuthala a pamoto.
"Tsekani."
Kokowera kake kanali kachitsulo kobisala, kofuna zala za mtsikana.
Kanandipulumuka kamodzi, kawiri, kasanu.
"Umo ndi mmene m'mawa uliwonse ukhalire kwa mayi anu."
Anakadula osandifunsa,
nawotchererapo ngowe yaikulu, yosakongola kwenikweni,
yoti ndi maso otseka omwe munthu n'kukoleka.

Sikelo inati magalamu khumi ndi anayi.
Ine ndinawerenga mwanga:
mausiku makumi anayi m'wodi ya okalamba,
tchuthi chimene sindipita,
jekete lomweli chisanu chinanso.

Lamulungu ndinawapeza akusenda mbatata.
Anapukuta manja paepuloni, natsegula kabokosi ndi nsonga ya mpeni.
"Ilídia, mutu ukuyenda bwino?
Ndalama zingati?"
Sindinayankhe.
Anaukhuthulira m'chikhatho, dzanja likukwera n'kutsika
monga ankachitira ndi nsomba palamba wa fakitale.
"Khumi ndi anayi," anatero. "Sanakubere."

Anakana kuti ndiwaveke.
Zala zopindika zinazungulira kumbuyo kwa khosi,
zinaphonya,
zinafufuzanso,
kenaka kete!
Sanapite pagalasi.
Anaulowetsa m'kati mwa juzi yakuda, pakhungu penipeni,
pamene maso a anthu a kutchalitchi safika,
nati ukadzatha ntchito pa iwo upite kwa Graciete wanga,
koma asafulumire kuuyembekezera.

Anatolanso mpeni.
Makoko a mbatata anagwa, anagwa m'beseni.
Ine ndinkayala mbale patebulo, ngati sindikuona
dzanja lonyowa lija likusiya ntchito kawirikawiri
kukagunda pachifuwa,
kufunsa ngati ulipobe.