Chongani Kabokosi Kamodzi

Pepala linafika Lachiwiri
ndili ndi magolovesi achikopa m'manja,
fungo la chitsulo chopsa likadali m'tsitsi.
Ati makoleji atatu akhale koleji imodzi:
yathu ya padoko pano ku Kirkhaven,
ya ku Strathorrin, ndi ina ya kumapiri
imene ndimangoiona pa mapu.

Ati maganizo anu ndi ofunika kwambiri,
chongani kabokosi kamodzi:
ndikuvomera kwambiri, ndikuvomera, sindikudziwa.
Kachinayi ndinakafunafuna kuseri kwa pepala,
ndinangopezako chithunzi cha achinyamata
akuseka pa kapinga, palibe wovala ovolosi.

Dzina langa ndine Ishbel Geddes.
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndinatumbula nsomba
kufikira tsiku limene fakitale inakhomedwa loko.
Pano ndikuphunzira kuwotcherera zitsulo,
ndipo a Rennie amati msoko wanga umawongoka
kuposa wa anyamata obadwa dzana.

Sindikana ayi, denga lathu limadontha.
Ndowa ziwiri zimagona pafupi ndi benchi yanga,
makina ena ndi aakulu kwa ine pobadwa.
Ku Strathorrin kuli atsopano, ndamva.
Koma basi yomaliza yochokera kumeneko
imanyamuka kalasi isanaweruke,
ndipo chipale chikagwa pa mtunda wa Cairnie
ngakhale imeneyo siibwera.
Mwana wanga Struan amandidikira kwa aneba
nsapato ali chivalire.
Zimenezi ndizichonge pati?

Msonkhano unachitikira m'holo yodyera.
Kunabwera mayi wa suti yotuwa ndi masangweji.
Anati kuphatikiza mphamvu, anati mwayi wochuluka.
Farah wa kalasi yokonza tsitsi anafunsa
za agogo amene amabwera kudzametedwa motchipa Lachisanu,
ngati nawonso adzakwera basi.
Tormod, amene samva, anafunsa ndi manja
ngati womasulira wake adzagawidwa patatu.
Funso labwino zedi, anatero mayiwo,
nalilemba pa kapepala kachikasu,
nakamata pakhoma pamwamba pa hita.
Tisanamalize tiyi, kanali katayoyoka.

A Rennie anatiphunzitsa sabata yoyamba:
ukafuna kulumikiza zitsulo, yamba wapala m'mphepete,
moto ufike mbali zonse mofanana.
Mbali imodzi ikakhala yozizira
msoko umaoneka bwino pamwamba pokha.
Iwo sakhulupirira maso.
Amapana ntchito yako, naimenya ndi hamala,
pamenepo m'pamene chitsulo chimanena zoona.

Lachinayi ananditumiza kumosungira katundu
kukatenga silinda ya gasi.
Kuseri kwa makwerero, chitakutidwa m'pulasitiki,
chikwangwani chachitali kuposa ine.
Ndinang'amba pang'ono ndi chikhadabo.
Dzina latsopano, zilembo zobiriwira, penti youma kalekale.
Ndinawerenga masiku pa zala:
asanu ndi anayi mapepala athu asanatoleredwe.

Sindinakuwe.
Ndinanyamula silinda yanga, ndinabwerera.
A Rennie sanandiyang'ane m'maso.
Anati, pabwera oda yochokera ku ofesi,
miyendo iwiri yachitsulo, yoti ipirire mphepo ya kunyanja.
Anati, Ishbel, dzanja lako ndiye silinjenjemera.

Ndinaganiza zoiwotcherera mwachinyengo,
kuti mkuntho woyamba wa Januwale udzayankhe m'malo mwanga.
Manja anakana.
Ndinapala, ndinatenthetsa mbali zonse,
msoko unatuluka wosalala ngati mamba a nsomba.
Hamala ya a Rennie inalira katatu, osathyoka.

Pepala lija sindinachonge paliponse.
M'mphepete mwake ndinalemba nthawi ya basi
ndi dzina la Struan, ndi la Tormod,
chala changa chakuda chinasiya chidindo pa mano a oseka aja.
Ndinaliponya m'bokosi la pakhomo,
ndinamva likugwera pa anzake.
Kunja mbalame za kunyanja zinali kulimbirana tchipisi,
mvula ikubwera chopingasa,
ndipo kwathu kunali kukadali
mtunda woyenda pansi.