Mlonda wa Mlongoti

Zaka ziwiri ndagona pansi pa mlongoti uwu,
paphiri loyang'ana ku Namwera,
tochi kumanja, chibonga kumanzere,
kulondera chitsulo chowerenga mphepo.
Pamwamba pake timakapu titatu
timathamangitsana ngati ana a chipako,
kulemba m'kabokosi zimene mwera wanena usiku.
Ine sanandifunse.
Ndikanawauza ulele:
ya Juni imaboola jekete,
ya Ogasiti inasasula denga la Abiti Mkwepu kawiri,
ya Novembala imangogona ngati galu wokhuta.

Lachinayi anabwera ndi magalimoto atatu.
Msonkhano m'kalasi ya sitandade sikisi,
ife akuluakulu maondo kuchibwano pamadesiki a ana.
Mtsikana wa kampani,
nsapato zake zoyera zitafiira ndi dothi lathu,
anamata mapu pabolodi
pamwamba pa samu zadzulo zosafufuta.

Zitsulo khumi ndi zinayi, akuti,
chilichonse kutalika kuposa mabulugamu asanu oberekana,
mapiko atatuatatu.
Aphunzitsi a Chilungo, akumasulira m'Chiyao,
anakakamira pa dzina lake:
mphero? ndege yomangirira?
Wina kumbuyo anati, "Fani wa Mulungu!"
Tinaseka. Mtsikana uja anaseka mochedwa.

Che Likonde a njuchi anayamba:
"Ming'oma yanga ili m'mitengo imene mwaijambula mzerayo."
"Funso labwino, bambo. Talemba."
A shehe anafunsa za manda akale a kuseri kwa thanthwe.
"Talemba."
Twaibu wa kabaza anaimirira chipewa chili kumutu:
"Ine msewuwo ndikuufuna mawa lomwe.
Matayala atatu chaka chino chokha!"
Ena anamuwombera m'manja, ena anamutsonya.
Abiti Ndembo sanaimirire n'komwe:
"Magetsiwo atsika pano,
kapena adutsa pamutu pathu ngati akakowa,
ulendo wa kutauni?"
Cholembera chinaima pang'ono.
Kenaka chinalemba.

Ine ndinasendera kubolodi.
Mapu sindiwadziwa, koma khwawa ndinalizindikira,
ndinalitsata ndi chala mpaka pokhota,
pamene kadontho kofiira, nambala naini,
kakhala phee pa nandolo wanga,
pamtengo wa mango umene Asiyatu anabzala
chaka chimene anayamba kutsokomola.

Dzanja langa linakwera kufika pakhutu.
Linakumbuka amene amandilipira pakutha pa mwezi.
Linakanda m'mutu, n'kutsika.

Pepala linayenda mzere ndi mzere:
dzina, mudzi, sayini, kenaka fanta ndi banzi.
Che Mbalaka, chala chili buu ndi inki, anafunsa m'Chiyao:
"Chalachi chikunena kuti ndinalipo,
kapena kuti ndavomera?"
Aphunzitsi anali akutsegula botolo ndi mano.
Funsolo silinawoloke.

Ndiye mwiniwake wa nkhani analowa
pazenera lopanda galasi,
osakweza dzanja, osapereka moni,
anamatula mapu, kwapu!
n'kutuluka nawo pakhomo.
Ana anawathamangira mpaka kumjigo,
phiri lonse lili m'malere,
minda yathu, manda, nambala naini.
Anawabweza atanyowa ngodya imodzi.

Usiku uno ndabwerera pansi pa mlongoti, wopanda tochi.
Ndamusiyira Zione, mayeso ayandikira.
Foni inazima dzana,
kutchajitsa ndi ulendo wa ola lathunthu.
Musandiyese wokana, ayi.
Ndikulifuna babu lolendewera pakati pa nyumba,
mwana akuwerenga osafinya maso.
Walira mvula walira matope, ndikudziwa,
koma matopewo bwanji asankha munda wanga?

Akuti adzabweranso mvula ikatha
ndi mayankho otayipa.
Funso langa ndikuliyeserera pano, mokweza,
poti palibe wondimva:
mango aja mumawerengera mtengo wake,
kapena zaka zake,
kapena dzanja limene linawathirira?

Timakapu tikuzungulirabe.
Kabokosi kakulemba liwiro lokha.