Msomali wa mu Paipi

Penti tinapaka yobiriwira ngati fodya wosathyola,
mipando tinasoketsa kwa telala wa ku Kapata,
injini ikalira agalu a ku Mchini amayankha.
Koma kuima, Pijo ya bambo yakana.

Ukaponda buleki phazi limangomira
ngati waponda papaya logwa dzana,
nayo galimoto imathawira kumanja
ngati yaona wangongole kumanzere.

Lero ndi Loweruka lachitatu.
A Yotamu Shawa agona chagada pa katoni,
kunja kwatsala miyendo yokha.
"Ponda! Ponda! Ponda! Gwira!"
Ndagwira, ntchafu ikunjenjemera.
M'botolo mafuta akuda akulavula thovu,
mpweya umene unalowa ine ndili kusukulu.
"Siya." Ndasiya. "Pondanso."

Kutsogolo kwatuluka.
Kumbuyo kumanja kwatuluka.
Kumbuyo kumanzere, zii,
ngakhale dontho.

Nsapato za buleki tinasintha kale,
mphira za silinda zinabwera pa basi ya ku Lusaka
zitakulungidwa m'nyuzipepala.
Dailesi akuti ndalama ya feteleza ndadyetsa chitsulo.
Sindinamuyankhe.

A Shawa amasula nati, dzimbiri lawagwera m'maso,
atukwana pang'ono m'Chinsenga,
kenaka chete.
Pansi pa galimoto patuluka dzanja lotambasula:
msomali wa malata, wodula pakati,
mutu wake wosulidwa bwinobwino
kuti utseke kamwa la paipi.

"Ntchito ya bambo ako iyi.
Silinda inawadonthera panjira,
mwina ku Mtenguleni, mwina usiku.
Anapha gudumu limodzi kuti atatu agwire."

Ndakhala pa tayala, ndikuwerenga.
Ndi magudumu atatu ankatsika nafe ku Kanjala,
ndi atatu omwewo anathamangira ku Mwami
amayi atayamba kubuula ndi mimba ya Dailesi.
Phewa lawo lija lopendekera kumanzere,
manja atakakamira chiwongolero,
ife tinkati ndi makhalidwe awo chabe.
Tinkawayeseza pa mpando wa kutchalitchi, n'kumaseka.

"Ponda!" Ndaponda.
Paipi yatsokomola dothi, kenaka mafuta oyera.
Pedulo yalimba, yandibwezera phazi.

Madzulo ano pa msewu wa ku Lundazi
mbuzi yadumphira kutsogolo kwanga.
Pijo yaima chilili, mowongoka,
fumbi latipitirira.
Msomali uli m'thumba la malaya.
Manja angawa ndiwo sanamve uthenga,
akukokerabe kumanzere.