Lachinayi, Naini Koloko ya Usiku

Makina ndimazimitsa singano ili pakati pa msoko.
Diresi la mwini lidikire.
Mumsewu wathu wa ku Casa Amarela
mazenera onse amayaka buluu nthawi imodzi,
ngakhale agalu a mu Recife amaleka kuuwa.

Dokotala wa m'seweroli ndi mayi wa zala zazitali.
Amalemba pankhope ya munthu ndi inki yofiirira
monga ndimalembera choko pansalu:
apa tichotsa, apa tikoka, apa tipinda.
Kungoti ine ndikalakwitsa
ndimasomola ulusi n'kuyambiranso.

Masana amawongola mphuno za akazi a mabwana,
usiku amagona ndi amuna awo.
Zonyansa, ndimatero Lamulungu potuluka m'tchalitchi.
Zonyansa zedi, amavomera Ivonete,
kenaka n'kundikoka mkono:
koma unaona mmene anatsegulira tsaya lija?

Ndinaona.
Ndinaphimba kumaso ndi dzanja, zala zili tang'a.

Valdomiro akaweruka koyendetsa basi
amati akungodikira nkhani za mpira,
koma khofi amamuzizirira m'manja
ndipo zibwenzi za dokotalayo amazidziwa mayina
kuposa masiteji a ku Boa Viagem.
Wabodza uyo, amakalipira kanema,
usamukhulupirire, mwana iwe!
Ine ndimamuyang'ana cham'mbali
n'kumadabwa kuti bodza analiphunzira kuti
kuti azilizindikira msanga chotere.

Si magazi amene amandisunga pampandopa,
kapena mabedi osinthanasinthana aja.
Ndimadikira pomasula bandeji.
Nyimbo imaleka. Namwino amabweretsa kalilole.
Ndipo mayi wa nkhope yatsopanoyo,
asanadziyang'ane n'komwe,
amayamba wayang'ana kuchitseko
ngati amene anamuchitira zonsezi wabwera.

Sanabwere. Sabata iliyonse sabwera.

Diso limenelo ndimalidziwa.
Limalowa m'nyumba muno ndi pulasitiki m'manja:
Dona Edileuza, mundichepetsereko m'chiunomu,
mutsitseko pang'ono pachifuwapa.
Ine mapini ali kukamwa, ndimangogwedeza mutu.

Nthawi ya otsatsa malonda
Jucélia amadzuka ngati akukatunga madzi akumwa.
Ndimamuona pagalasi la kabati
akufinya mphuno ndi zala ziwiri,
kutembenukira uku, kutembenukira uko.
Mphuno ya bambo ake, yotambalala,
imene inachokera kuminda ya nzimbe
n'kudzafika mumzinda muno wapansi.
M'chikwama mwake muli pepala la kukiliniki,
malipiro a miyezi makumi awiri ndi inayi.
Ndinalipeza pokonza zipi.
Ndinalipinda momwe linalili, n'kubwezeramo.
Zipiyo tsopano imatseka bwinobwino.

Inenso mpeni unandiyendapo.
M'munsi mwa mchombo muli msoko wokhota
umene anasoka mwana wa sukulu ya udokotala
mothamanga, m'bandakucha, pachipatala cha boma.
Ntchito yoteroyo ine sindingalipiritse munthu.
Ndi pomwe anatulukira mwini mphuno uja.
Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
dzanja la Valdomiro limapapeza mumdima
ngati dalaivala wodziwa pokhota msewu.
Sananenepo kuti n'pokongola.
Sananenepo kanthu.
Masiku ena ndimati chikondi n'chomwechi,
masiku ena ndimati kutopa chabe.

Seweroli limatha mpeni uli m'mwamba,
foni ya dokotala ikulira m'thumba,
wodwala ali gone, osadziwa kuti woimbayo ndi mwamuna wake.
Kutsidya kwa mpanda Ivonete amakuwa: Mayo ine!
Valdomiro amati sadzaoneranso zopusazi
ndipo amafunsa ngati Lachinayi likubwerali
kuli maliro kapena msonkhano uliwonse.

Ndimayatsanso makina.
Diresi laukwati, m'chiuno ndichotse zala zitatu,
mkwatibwi wakhala mwezi akudya masamba okhaokha.
Ndimasoka momwe wanenera.
Koma nsalu yotsalayo sindidula ayi.
Ndimaipindira mkati mwa msoko, posaoneka,
kuti tsiku limene adzafune kubwerera m'thupi lake
adzapeze malo.