Mzere wa Khumi ndi Chinayi

Ndinawauza kuti abwere teni koloko, ku Chirunga.
Anabwera asanu ndi mmodzi,
kuwerengera ndi mlonda amene ankangothawa mvula ya m'phiri,
ndi malume anga Che Ajusa,
manja akuda ndi malata a ku Mpondabwino,
atakhala kumbuyo ngati ali pamaliro a munthu wosamudziwa.

Pulojekita inatsokomola, khoma linayera.
Ndinati: chida ichi sindinapange ine.
Anachimanga anthu amene sindinawaonepo nkhope,
ena amagona ife tikudzuka,
ndipo anachisiya poyera, chosakhoma,
kuti wofuna atenge, akonze, abweze.
Koma chiyankhulo chake ndi chaminga.
Yanga ntchito ndi ulalo basi,
kamtengo kogonekedwa pa Likangala,
kuti mawu athu ofewa aolokere tsidya
akauze makinawo chochita.

Chitsanzo choyamba, mizere itatu:
mulitali, mulifupi, msinkhu.
Ndinadina.
Pakhoma panaima bokosi
lopanda msomali, lopanda utuchi.
Ndinalitembenuza ndi chala, likuonetsa msana ndi mimba.
Mwandida anayasamula.

Chachiwiri: tenga mkombero, uukokere m'mwamba,
chabadwa chitini.
Chotsa chitini chaching'ono m'kati mwa chachikulu,
patsala mphako.
Kuchotsera komwe kuja tinkakwapulidwa nako ku pulayimale,
lero kukuboola chitsulo.
Mlonda anasendeza mpando.

Chachitatu ndinasungira malume: mbaula.
Mizere makumi awiri ya khodi,
ina ndinailemba papepala ku Matawale magetsi atathima,
kandulo ikudontha pachigongono.
Ndinadina.

Khoma linafiira.
Mzere wa khumi ndi chinayi, akuti,
thupi la chinthuchi silikutsekeka.
Ndinadinanso, ngati munthu wogogoda pakhomo
pomwe waona kale loko.
Thukuta linatsika m'msana,
ndipo kunja mvula inayamba kumveka kwambiri.

Malume anadzuka.
Mthunzi wawo unadya theka la khoma.
Sadziwa chilembo ngakhale chimodzi cha khodi.
Anati, tandionetsa pomwe chinafika chisanafe.
Ndinawaonetsa chigoba chosatha.
Anachiyang'ana mutu uli chopendama, monga amachitira ndi ndowa yodontha,
kenako chikhadabo chawo chopsa chinagunda pakhoma.
Apa.
Wapinda lata osasiya mlomo.
Mbali ziwirizi zangopatsana moni, sizinagwirane.
Siya chala chimodzi chopindira.

Chala chimodzi.
Ndinachiyeza m'mutu, ndinawonjezera nambala yake,
ndinadina mtima uli m'khosi.

Mbaula inaima,
timabowo khumi ndi tiwiri pansi pake, miyendo itatu,
ikuzungulira pang'onopang'ono m'kuwala
ngati mkwatibwi woti anthu amuone mbali zonse.
Mwandida anafunsa komwe angaitenge khodiyo,
ndi kuti ndi zingati.
Ndinati ndi ulere.
Sanandikhulupirire mpaka ndinabwereza.

Malume sanaombe m'manja.
Anati miyendo yatalika, poto angagwe,
ndipo mphepo ilowera pati?
Anatenga ambulera yawo yothyoka nthiti, napita kukakwera kabaza.

Usiku womwewo ndinatumiza chitsanzocho kwa anzanga osawadziwa aja.
Pamalo polemba dzina la wokonza
ndinaika: Che Ajusa, wosula malata, Zomba.

M'mawa nkhungu isanachoke paphiri
wina anayankha kuchokera kudziko lomwe sindingaliloze pamapu.
Anathokoza, anati mizere yake ndi yoyera,
ndipo anafunsa kuti mbaula n'chiyani.

Sindinamuyankhe.
Ndili pa Mpondabwino tsopano, laputopu pamwendo,
nyundo zikulira mbali zonse,
ndikudikira malume amalize ndowa ya mayi wina
kuti andiuze za mphepo ija.