Inki Yobiriwira

Makina onyamulira okalamba anafa pa 3 Febuluwale.
Tsikulo ndikulidziwa chifukwa ndine ndinalemba m'kaundula
ndi cholembera chobiriwira, chokhacho chomwe chinali m'kabati.
Ndinalembanso pa 10. Pa 17 ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu.
Mayi Gilfillan anati amisiri ali m'njira.
Kuchoka ku Glasgow kufika kuno ku Greenock si ulendo wa ola,
koma iwo anayenda milungu isanu ndi umodzi.

Bambo Rennie, omwe kale ankawotcherera zitsulo za sitima zapamadzi,
anali atadziipitsira usiku umenewo.
Ankalira chamumtima, nkhope atalozetsa kukhoma.
Mnzanga wa usiku anali atamutumiza pansanjika yapamwamba.
Ndikanatani? Ndiwasiye m'chinyezi mpaka kuche?
Ndinalowetsa manja m'khwapa mwawo,
ndinati gwirani khosi langa,
ndipo m'munsi mwa msana china chake chinangoti thyo,
kaphokoso kochepa, ngati kuthyola bisiketi.
Anakuwa ndi iwo. Ine mawu anandithawa.

Fomu ya chipukuta misozi ili ndi masamba khumi ndi anayi.
Ikufunsa kukula kwa ululu, kuyambira 1 mpaka 10.
Ilibe malo olembapo za sokosi,
zoti Dougal amagwada m'mawa uliwonse kundiveka,
munthu amene sanagwade ngakhale tsiku londifunsira mbeta.
Ilibe malo a mdzukulu wanga Eilidh
akakweza manja kuti ndimunyamule
ine n'kumangomusisita tsitsi.

Loya wanga, Mayi Bhatti, amati sungani kalikonse.
Ndiye m'katoni ya nsapato muli malisiti a takisi,
a mankhwala, a mpando wa m'bafa.
Moyo wanga wonse tsopano ndi umboni.

Dokotala wa kampani ya inshuwalansi anandiona mphindi khumi ndi ziwiri.
Werama. Dzuka. Apa pakupweteka?
Analemba kuti msanawo unali wotha kale, n'zaukalamba.
Inde unali wotha.
Unathera pa abambo a anthu ena, zaka makumi awiri ndi ziwiri,
koma unkandifikitsa kunyumba.

Anatumanso mnyamata wa kamera kudzabisala m'galimoto.
Anandijambula nditanyamula buledi ndi mkaka.
Sanadikire kuti aone zotsatira,
ndili chagada pansi m'khitchini mpaka madzulo,
mkaka ukusasa patebulo, mvula ikumenya zenera.

Kenako kaundula uja anasowa.
Akuti mwina pokonza ofesi.
Popanda iye, anatero loya wawo,
palibe chosonyeza kuti abwana ankadziwa.
Usiku umenewo ndinayamba kudzikayikira ndekha.
Kodi ndinalembadi?

Bambo Rennie anamwalira mu Okutobala.
Mwana wawo, pochotsa katundu m'dilowa,
pakati pa timapepala ta maswiti ndi matikiti akale a basi
(ankatola pepala lililonse, ngakhale dzina la mwanayo anali ataliiwala)
anapeza chikwangwani chomwe ndinamata pamakina:
MUSAGWIRITSE NTCHITO, AWONONGEKA, 3 FEBULUWALE,
inki yobiriwira, dzina langa, Senga Docherty,
ndipo m'munsi mwake, mwa inki yakuda,
siginecha ya Mayi Gilfillan: ndaona.

Sitinalowe n'komwe m'khoti.
Tinamalizira m'khonde, pafupi ndi makina ogulitsa khofi,
ine chiimire chifukwa benchi inali yolimba.
Mapaundi zikwi makumi anayi ndi chimodzi,
popanda kuvomera kulakwa kulikonse.
Mawu amenewo ndinawawerenga katatu ndisanasaine.

Dougal anafunsa ngati tapambana.
Ndinati tiye, basi itisiya.

Makina atsopano, ndamva, anafika patangopita masiku awiri nditavulala.
Ndi abuluu, ndipo sachita phokoso.
Mtsikana amene analowa m'malo mwanga amawayamikira kwambiri.
Ndinakumana naye pamalo okwerera basi, mvula ikuwaza,
ndinamupatsa cholembera changa chija.
Anandiyang'ana modabwa.
Ndinati uzilemba, mwanawe,
ndipo ukalemba, uzijambula tsambalo.